Mthenga Wokometsa Mawu

Ku Bvumbwe, m'nyumba ya agogo anga aamuna, muli wailesi yaikulu ngati bokosi la zovala. Inapangidwa ku England, ndipo agogo anaipata m'zaka za m'ma 1970 kwa mzungu amene ankamuphikira pa esiteti ina ya tiyi, mzunguyo ataona kuti chibokosi chotere sichingakwere naye ndege. Mukaiyatsa siilankhula msanga. Imayamba yang'ung'udza, ndipo mukasuzumira kumbuyo kwake muona timababu tagalasi tikufiira pang'onopang'ono ngati makala a m'phulusa. Agogo amati, "Isiye iothe moto. Ng'oma yosawamba siyankhula." Mmisiri wina wa pamsika anailumikiza nthambo kuti nyimbo za m'foni zizilowamo, ndipo madzulo aliwonse magetsi akakhalapo, agogo amamvera Allan Namoko, woimba wakhungu wa kwathu ku Thyolo konkuno, amene ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band mpaka imfa yake mu 1995.

Pa tchuthi china cha mwezi wa Juni, chiperoni chitakuta minda yonse ya tiyi, ndinabwereka kwa mnzanga wophunzira sayansi kaampulifaya kamakono ndi masipika ake awiri, ndinapita nazo kumudzi kuti agogo akamve chimene ine ndinkachitcha nyimbo yeniyeni. Tinaimba nyimbo imodzimodzi m'makina onse awiri. Agogo anamvetsera atatsinzina, kenaka anati, "Wakoyu akuimba bwino, koma akuimba ngati munthu wogona ndi njala. Wangayu wadya nsima." Ine, ndi mwano wa munthu amene wangolawa sukulu yaukachenjede, ndinati, "Agogo, yanuyi ikunama." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe, wailesi iyi inalowa m'nyumba muno amako asanabadwe. Lero wabwera kudzaizenga mlandu wa bodza?"

Mlandu umenewu ndi umene ndaubweretsa pabwalo lino, anzanga, chifukwa chiyambire tsiku lija sunandichoke mumtima. Funso lake ndi ili: chinthu chimene ntchito yake ndi kutinyamulira mawu a wina, kodi tichiyamikire pa kukoma kwake kapena pa kukhulupirika kwake? Ndipo ngati khutu lakonda chimene muyeso ukuti ncholakwika, wolakwa ndani, khutu kapena muyeso?

Tiyambe taona chimene chimachitika m'bokosimo. Timababu tija dzina lake ndi mavalavu. John Ambrose Fleming anapanga valavu yoyamba mu 1904, ndipo mu 1906 Lee de Forest anaonjezamo kawaya kachitatu kamene kanapangitsa kuti mphamvu yaing'ono ya magetsi izilamulira mphamvu yaikulu. Kukuza mawu ndi kumeneko. Wailesi zoyamba kufala pakati pa anthu akuda m'dera lathu lino zinali za mavalavu. Kuyambira mu 1949 kampani ya Ever Ready inkapanga wailesi yotchedwa Saucepan Special, ya chigoba chonga sefuliya, yogulitsidwa pa mtengo wa £5, kuti anthu a ku Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka. Koma mu 1947 akatswiri a ku Bell Laboratories ku America anali atapanga kale thiranzisita, kanthu kakang'ono kosafuna kuotha moto ndiponso kosadya mabatire ambiri. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 thiranzisita inalanda bwalo, ndipo wailesi za Nzeru zopangidwa ku Blantyre zinalowa m'makomboni a m'maesiteti ndi m'midzi momwe.

Nsambo ya banjo ikamanjenjemera ka 440 pa sekondi imodzi, ampulifaya yokhulupirika iyenera kutulutsa liwu lomwelo, lalikulu koma losasinthika. Makina a mavalavu osavuta, onga a m'wailesi ya agogo, amaonjezapo liwu lina laling'ono lonjenjemera ka 880. Liwu lachiwirili sililimbana ndi loyamba, pakuti ndi nyimbo yomweyo pamwamba pake, monga mmene mwamuna ndi mkazi amaimbira fuko limodzi m'tchalitchi, wina pansi wina pamwamba. Khutu limalimva ngati kunenepa kwa mawu. Komanso valavu mukaikakamiza kufuula mopitirira mphamvu yake imagonja mofatsa, pamene thiranzisita ikafika pamalire imadula mawu mwadzidzidzi nitulutsa phokoso lolasa m'makutu. Katswiri wina, Russell Hamm, analemba za kusiyana kumeneku mu 1973. Tikaonjezapo bokosi la matabwa limene limalira nawo limodzi, ndi ziwiya zokalamba zimene zimameza mawu osongoka, ndiye nsima ija agogo ankanena. Pa muyeso zonsezi ndi zolakwika. Ampulifaya yamakono yabwino imapotoza mawu mosafika ndi 0.01 pa 100 pomwe, pamene wailesi yakale yonga iyi imatha kupotoza magawo angapo athunthu pa 100.

Chodabwitsa nchakuti amisiri a mavalavu eni ake sankafuna kukometsa mawu. Mu 1945 Harold Leak wa ku London anatcha ampulifaya yake Point One, ponyadira kuti inkapotoza mawu ndi 0.1 pa 100 basi. Chimene okonda mavalavu ambiri a masiku ano amachilipirira ndalama zankhaninkhani ndi chilema chimene amisiri aja ankasala tulo kuti achichotse.

Nanga makutu a anthu amati chiyani akayesedwa? Mu 1987 magazini ya Stereo Review ku America inafalitsa zotsatira za mayeso amene omvera sankaona makina amene akulira. Ampulifaya yotsika mtengo ya thiranzisita ndi ina yodula kwambiri ya mavalavu zitaikidwa pa mlingo umodzi wa phokoso, popanda kuzikakamiza, omverawo analephera kuzisiyanitsa modalirika. Mu 1985 mmisiri wotchedwa Bob Carver anauza akonzi a magazini ya Stereophile kuti asankhe ampulifaya iliyonse imene amaikonda, ndipo iwo anasankha ya mavalavu yodula. Carver anayeza kusiyana kwa iyo ndi yake ya thiranzisita, nasinthasintha yakeyo kwa masiku ochepa mpaka akonziwo anavomera kuti sakutha kudziwa iyi ndi iti. Ndipo mu 1994 Floyd Toole ndi Sean Olive anasonyeza kuti anthu akamaona masipika ndi maso amapatsa ulemu aakulu, onyezimira ndi odula, koma nsalu ikawabisa maganizo awo amasintha. Pa ntchito zake zambiri Toole anapezanso kuti omvera ambiri, maso akachotsedwa pa mlandu, amasankha sipika yosakondera mawu ena. Tsono pali mfundo zitatu. Kawirikawiri kusiyana kumene anthu amakulumbirira kumasowa maso akatsekedwa. Pamene kusiyana kulipodi, kumayezeka ndipo kumakopereka, mulibe mzimu m'galasimo. Ndipo diso limanong'oneza khutu, chikomekome cha mkuyu.

Ndi mfundo zimenezi m'thumba ndinkadziona ngati ndapambana mlandu. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti sizikukhudza agogo kwenikweni. Wailesi yawo imasinthadi mawu, moti ngakhale mwana angamve kusiyana kwake atafulatira. Iwo sakunyengedwa ndi diso kapena mtengo, pakuti anaipata ulele. Amva zonse ziwiri, ndipo asankha yopotoza. Funso latsala pomwe linali: kodi kusankha kotere nkulakwa?

Taonani zoimbira zathu. Oimba valimba ku Chigwa cha Shire amaboola zikho zolendewera pansi pa matabwa namatapo kachikopa kopyapyala ka kangaude, kuti liwu lililonse lizituluka ndi kanthetemya konjenjemera. Pa kalimba ndi pa bangwe amisiri amamangirira tizitsulo kapena zotsekera mabotolo kuti zizichita phokoso nsambo ikakhudzidwa. Oomba ng'oma za tchopa amaziwamba pamoto kuti chikopa chikungike, ndipo ng'oma zina amazimata phula pakati kuti liwu lilemere. Munthu wobwera ndi makina oyezera angati zonsezi ndi zinyalala zodetsa liwu loyera. Koma kwa makolo athu liwu lopanda kanthetemya linali ngati ndiwo zopanda mchere. Khutu la agogo linaleredwa m'bwalo la zoimbira zotere, ndipo sindikuona chifukwa choti lichite manyazi pamaso pa mita ya magetsi. Ngakhale ku Ulaya ndi ku America oimba gitala ambiri mpaka lero amafuna ampulifaya ya mavalavu dala, kuti aikakamize mpaka ikhadzule mawu.

Koma apa pali mpata umene tiyenera kuuona. Wopanga valimba ndi mwini mawu. Akaika kachikopa ka kangaude, akunena chimene iye mwini akufuna kunena. Ampulifaya ya m'nyumba si mwini mawu, ndi mthenga. Namoko anaimba kale, anamaliza, anapita. Chatsala ndi kunyamula chimene iye ananena kuchifikitsa kwa ife. Ndipo lamulo la mthenga tonse timalidziwa: wotumidwa kwa amfumu saonjeza nkhuku pa mlandu, sachotsanso. Mthenga amene amathira mchere wake m'mawu a eni ake, ngakhale mcherewo ukome bwanji, watenga udindo umene sanapatsidwe. Ichi ndicho chinali m'mutu mwanga pamene ndinati wailesi ya agogo ikunama.

Komabe mwambo wathu womwewo umandibweza. Munthu akamwalira kumudzi, wotumidwa kukauza mwana wake amene ali kutali safikira kunena kuti amako afa. Amakhala pansi, nalonjeredwa, nati, "Kumudzi matenda akula, akukufunani." Pa muyeso mawu amenewa ndi opotoka. Koma palibe amene amatcha mthenga wotere wabodza, ndipo amene angafike ndi kulasa mawuwo mosapsatira tingamuone ngati wopanda umunthu. Chifukwa chake nchiyani? Nchakuti wonena ndi womva onse awiri akudziwa chinenero chimenechi. Womva akangoti matenda akula amayamba kulongedza chitenje cha maliro. Choonadi chafika chonse, koma chafika chitafunda nsalu kuti munthu asagwe panjira. Palibe chimene chabisidwa, palibe amene waberedwa.

Tsono tiyerekeze ndi mthenga wina amene aliyense wa ku Thyolo amamudziwa, ndiye sikelo. Amayi anga anathyola tiyi zaka zambiri. M'nyengo ya dzinja, masamba akamaphuka msanga, munthu amalowa m'munda kusanache, dengu kumsana, kuthyola masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka zala zichite dzanzi. Kenaka amaima pamzere, kalaliki nakoleka masambawo pa sikelo, ndipo chimene muvi wa sikelo wanena ndicho chimalembedwa m'buku, ndicho chimasanduka ufa, sopo ndi fizi. Amayi ankati pa nthawi imeneyo palibe amene amayang'ana nkhope ya mnzake, maso onse amakhala pa muviwo. Kodi pamenepa alipo angafune sikelo yofunda, sikelo yokometsa? Sikelo imene imaonjezera amene kalaliki amamukonda imachotsera wina. Imene imachotsera onse pang'onopang'ono, mwaulemu, mosamveka, ndi mbala yoposa ya usiku. Pamene thukuta la munthu likuyezedwa, ubwino wa mthenga ndi umodzi wokha, kunena chimene chilipo.

Ndipo dziko lathu linalawapo mthenga wokometsa wa mtundu woopsa. Mu Meyi 1983 boma linalengeza kuti nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anthuwa anachita kuphedwa. Uthenga wa ngoziwo wailesi ya agogo inaunena ndi liwu lake lonenepa lija, ndipo wailesi za thiranzisita za m'makomboni zinaunenanso ndi liwu lawo lowonda. Ngakhale kaampulifaya kanga ka 0.01 kakadakhalapo, kakadanyamula bodzalo mokhulupirika kotheratu, osataya ndi kadontho komwe. Apa ndi pamene kunyada kwanga kunatsika. Kukhulupirika kwa makina ndi ukoma waung'ono, pakuti makina amakhulupirika kwa chimene alowetsedwa basi. Bodza lalikulu limaphikidwa mawu asanafike pa nthambo.

Tikaika milandu itatuyi pamodzi, ya maliro, ya sikelo ndi ya ku Mwanza, tiona kuti kukometsa pakokha si tchimo, ndipo kulunjika pakokha si chilungamo. Chimene chimasiyanitsa ndi mafunso atatu. Kodi womva akudziwa kuti mawu akometsedwa? Kodi wasankha yekha, ndipo angathe kumva osakometsedwawo atafuna? Kodi pali wina amene akulipira mtengo wa kukomako? Wa ku maliro akudziwa, ndipo palibe woluza. Wothyola tiyi pa sikelo yopotoka sakudziwa, sanasankhe, ndipo ndiye akulipira. Mtundu wa Amalawi mu 1983 unalibe kwina kokamvera, ndipo ofunsa mafunso ankadziwa kumene mafunso amathera. Nanga agogo? Akudziwa, chifukwa ndinawauza mwamwano. Asankha okha, makina onse awiri ali patsogolo pawo. Ndipo Namoko sanaberedwe kanthu, pakuti nyimbo yake ili chikhalire m'foni monga inajambulidwira. Pa mafunso onse atatu wailesi yawo yatuluka yopanda mlandu. Amene ali ndi mlandu ndi wamalonda amene amagulitsa kukoma nakutcha choonadi, amene amauza wogula kuti m'galasi loyaka muli chinsinsi chosayezeka, kuti amulipiritse mtengo wa nyumba.

Palinso china chimene ndinachiona mochedwa. Ndinkati makina anga ndi okhulupirika, koma okhulupirika kwa yani? Kwa tepi, osati kwa Namoko. Mawu ake asanafike pa tepiyo anadutsa m'maikolofoni, m'chipinda chojambulira, ndi m'zala za munthu amene ankapotokola timabatani monga mwa kukonda kwa khutu lake. Ine Namoko sindinamuonepo, ndinabadwa iye atagona kale. Agogo anamumva ndi makutu awo akuimba pabwalo, fumbi likubuka, anthu akuponya makobidi, ng'oma ikugunda m'chifuwa. Akamati wawoyo wadya nsima, akuyerekeza ndi munthu wamoyo amene anamuona, pamene ine ndikuyerekeza ndi manambala a pa pepala. Nzoona kuti chikumbumtima cha zaka makumi atatu chimakometsanso, ndiponso makutu a nkhalamba amasiya kumva mawu osongoka. Sindinganene kuti wailesi yawo ili pafupi ndi Namoko weniweni kuposa yanga. Koma sindinganenenso mwamphamvu monga ndinanenera tsiku lija kuti ili kutali.

M'fakitale ya tiyi muli phunziro la mmene khutu ndi muyeso ziyenera kukhalira limodzi. Wolawa tiyi saweruza ndi manambala, amapsontha ndi supuni, nazunguza m'kamwa, nalavula, nanena mtengo. Koma asanalawe, masamba amayezedwa, magalamu 2 pa mamililita 100 a madzi owira, ndipo amaviikidwa mphindi 6 ndendende, kapu iliyonse chimodzimodzi, kuti lilime lisanamizidwe ndi kuchuluka kwa masamba. Ndipo mu 1972 akatswiri awiri a Tea Research Foundation ku Mulanje, Hilton ndi Ellis, anasonyeza kuti kuchuluka kwa theaflavin, chinthu chimene chimapatsa tiyi kuwala ndi ukali wake, kumayenderana ndi mtengo umene tiyi wa kuno amapeza pamsika. Muyeso sunachotse wolawa ntchito, unafotokoza chimene lilime lake linkadziwa kale. Ndipo tiyi yemweyo akafika m'nyumba ya wothyola, amathiridwa shuga masupuni atatu. Palibe katswiri angamuuze mayiyo kuti walakwa. Koma shugayo athire mwini kapu. Akathiridwa ku fakitale mobisa kuti aphimbe masamba oipa, ndiye chinyengo.

Maganizo anga tsono ndi awa. Chosungira mawu ndi chonyamulira mawu chikhale cholunjika monga sikelo yabwino, chifukwa kuchokera pa cholunjika munthu angathe kukometsa mmene afunira, koma kuchokera pa chokometsedwa sangabwererenso ku chimene chinalipo. Shuga akasungunuka sawoleka. Koma pa khomo lomaliza, m'nyumba ya munthu, pa khutu lake, mwini khutu ndiye mfumu. Ophunzira ife tili ndi chizolowezi choganiza kuti tikadziwa kuyeza chinthu ndiye kuti tadziwanso chimene anthu ayenera kukonda. Mita imatiuza chimene makina achita ku mawu. Siitiuza chimene munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu akufuna kumva madzulo a chiperoni, anzake onse amene ankavina nawo atatha kupita.

Tsiku loti ndibwerere ku Zomba ndinapepesa. Agogo anaseka, nati mwana akapanda kulakwa akulu asowa ntchito. Kenaka anandiuza kuti akufuna ndiwajambule mawu, anene mbiri ya mmene makolo awo anaolokera kuchokera ku Mozambique kudzagwira thangata m'minda ya azungu, maina a midzi ndi a anthu amene palibenso wina akuwakumbukira. Ndinawafunsa mwanthabwala ngati ndipeze makina a mavalavu ojambulira, kuti mawu awo adzamveke onenepa.

"Iyayi," anatero. "Ujambule ndi kako kosadya nsimako. Chifuwa changachi chilowemo, ndi mano aguluka awa amveke. Adzukulu ako adzadziwe kuti ndinali nkhalamba, asadzayese ndinali muulutsi wa pa wailesi."

Ndinatulutsa foni, ndinaiika pa mpando pafupi ndi pakamwa pawo. Asanayambe analoza chibokosi chija ndi ndodo.

"Koma tsiku limene mudzasonkhane kuti mundimvere, ine nditapita, mudzandilowetse m'menemu. Ndipo mudzaidikire iothe moto."